Mano a Anisia M'buku la Mafumu

A Thekla tinawaika m'manda nthawi yokolola mphesa, ndipo pamaliro pawo anthu anali owerengeka. Ine zinandipsetsa mtima, sindibisa ayi. Theka la anthu a mumsewu wathu uno, kuyambira padoko mpaka kuchitsime chakumtunda, anabadwira m'manja mwa mayi amenewo, koma tsiku limenelo aliyense anali ndi chochita. Wina akuti mutu, wina akuti ngalawa yafika. Chabwino. Ine Matrona, wophika mikate khomo loyandikana ndi lawo, ndinena zimene ndinaona, poti anthu olemba mbiri ya mafumu aja za mzamba sangalembe, ngakhale anamudyera mawu.

Anabwera muno mu Mzinda wa Konstantinopo ali mtsikana wamasiye, kuchokera kumapiri a ku Paflagoniya, pangalawa yonyamula nkhuni. Uzamba anaphunzira kwa apongozi awo. Anali aafupi, amapewa otambalala, ndipo kulikonse kumene ankapita ankabereka kumsana kampando kawo koberekerapo azimayi. Pakamwa pawo sipankasowa utomoni wotafuna. Ena ankati amatafuna utomoniwo kuti mano ayere, koma ine ndinkati amatafuna kuti lilime likhale ndi ntchito ina, chifukwa mayi amenewo sankalankhula. Ukakumana nawo akuchokera kochiritsa munthu n'kuwafunsa kuti kwa auje kwabadwa chiyani, ankangoti, "Munthu." Basi. Mwamuna kapena mkazi, woyera kapena wofanana ndi mlendo wa pangalawa, ukadzionere wekha. Ankati za m'chikuta zimathera m'chikuta, ndipo n'chifukwa chake azimayi ankawakonda.

Chaka chimene inavekedwa chisoti mfumu ijayi, dzina lake sinditchula poti pakamwa pangapa ndimadyerapo, Domnika, mkazi wa a Trifoni okhoma migolo, anachira mwana wamkazi. Sikuti linali tsiku la chisotilo ayi. Ndikukumbuka bwino chifukwa maluwa amene anawaza m'misewu anali atauma kale, tikuwasesa. Mwanayo anabadwa ndi timano tiwiri kunsi, tating'ono ngati njere za mapira, togwedera. Domnika ataona analira kwambiri. Anawagwira dzanja a Thekla n'kuwapempha kuti asadzauze munthu, poti inu mukudziwa mmene anthu a Mzinda uno amakondera malodza. A Thekla analumbira patsogolo pa chithunzi cha Amayi Maria chimene chinali pakhoma. Timanoto tinagwa tokha mwanayo asanabatizidwe n'komwe. Anamutcha Anisia.

Domnika anamwalira ndi chifuwa Anisia akuyamba kumene kuthamanga. Kuyambira pamenepo mwanayo anakulira pakati pa migolo ya bambo ake ndi khonde la a Thekla. Ndi a Thekla amene ankamuluka tsitsi, ndi iwo amene anamulangiza atakula. Iye ankawatcha amayi, ndipo iwo, poti analibe wawowawo, ankavomera ndi mtima wonse. Anali mwana wosekaseka, woti akaseka padoko ife kuuvuni kuno tinkamva.

Mfumu ija inatizunza, tisanamizane. Misonkho, njala, nkhondo zongopita kukataya ana a eni. Kenaka tsiku lake linakwana: anaigwira, anaiboola maso, n'kuitumiza kuchilumba kukakhala ndi amonke. Ndiye muone zimene amachita alembi. Mfumu ikadali pampando amailemba kuti ndi dzuwa. Ikangogwa amanola zolembera zawo n'kuyamba kufufuza kuti Mulungu anatichenjeza ndi chiyani pachiyambi, ife osamva. M'mabuku awo ufumu uliwonse woipa umayamba ndi malodza: nyenyezi ya mchira, chivomerezi, mwana wa ng'ombe wa mitu iwiri. Popanda zimenezo akuti mbiri siyambika.

Anabwera kwathu kuno mmonke wina, Bambo Akakiyo, amene kale anali mlembi kunyumba yachifumu. Linali tsiku la chikondwerero, titatuluka m'tchalitchi. Anakhala pakhonde la tchalitchi ndi kathabwa kake kaphula kolembapo, n'kumafunsa amene akukumbuka chachilendo chilichonse cha chaka cha chisoti chija. Abale, anthu anakumbuka! Msilikali wina wokalamba anati anaona lupanga kumwamba. Kosima wogulitsa nsomba anati padoko panafera chinsomba chachikulu kuposa tchalitchi, ife tonse tikudziwa kuti chinali chongokwana pangolo. A Thekla anangoima kumbuyo, akutafuna utomoni wawo.

Kosima uja, pakamwa pake posatseka, anawaloza. "Nanga inu amayi a 'Munthu', mukudikira chiyani pano? Inu munaonapo chiyani padziko lino kupatula matako a makanda?"

Anthu anaseka. A Thekla nkhope inagwa. Koma mmonke uja anadzuka, n'kuwaitana mwaulemu. "Mayi, bwerani mukhale apa. Azamba ndi amene amaona zinthu zisanafike kwa ife tonse." Anawatengera pambali, kuseri kwa chipilala, n'kuwapatsa mpando wake womwe, iye n'kukhala pamwala. Anawathirira vinyo, anawapatsa nkhuyu zouma. Chibadwire chawo munthu wophunzira anali asanawakhazikepo pampando. Ine ndinali patali, mawu sindinkamva, koma ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: a Thekla akulankhula mpaka manja kumauluka.

Zimene zinanenedwa pamenepo anadzandiuza okha pambuyo pake. Anaulula za timano tija, ngakhale dzina la mwana sanatchule. Koma mmonke anafunsa ntchito ya bambo ake, iwo n'kunena. Kenaka anafunsa, maso ali gwa pa iwo, "Kodi linali tsiku lomwelo limene mfumu inavala chisoti?"

Iwo anati, "Lomwelo."

Pobwerera anadutsira kuuvuni kwanga. Analavula utomoni wawo pamoto n'kunena kuti, "Matrona, lero ndalankhula kwambiri." Ine ndinaseka, ndinati bola mwayambako, tinkayesa lilime linachita dzimbiri. Iwo sanaseke.

Panapita zaka. Buku silimera ngati ndiwo zamasamba, ndipo ife tinaiwala kuti kunabwera mmonke. Anisia anatomeredwa ndi Sisinio, mwana wa oumba makandulo, mnyamata wofatsa, wonunkhira phula la njuchi. Mphete anapatsana, wansembe anadalitsa, kunangotsala kuti avekedwe nkhata zaukwati ikatha nyengo yosala kudya. A Thekla anali atayamba kale kusoka nsalu ya mkwatibwi.

Mayi ake a Sisinio, a Pulkeria, ankaperekera makandulo kunyumba ya nduna ina kumtunda. Tsiku lina anakapeza alendo adzaza, wina waimirira pakati akuwerenga mokweza buku latsopano la mbiri ya mafumu. Mabuku amenewa amawalemba m'Chigiriki chamakedzana, choti ife timangomva mawu amodziamodzi ngati m'pemphero. Koma a Pulkeria anamva "doko", anamva "migolo", makutu n'kuima. Anamukoka kapitawo wa panyumbapo kuti awamasulire. Buku linkati tsiku limene mfumu inavala chisoti, mkazi wa wokhoma migolo pafupi ndi doko anabala mwana wamkazi wa mano ngati a galu. Mwanayo analuma bere la mayi ake mpaka magazi, mayiyo n'kufota, n'kufa. Momwemonso, linatero bukulo, mfumu ija inadya Mzinda umene unaiyamwitsa.

Wokhoma migolo wa padoko wofedwa mkazi, wokhala ndi mwana wamkazi wa msinkhu umenewo, analipo mmodzi yekha. Dzuwa lisanalowe msewu wonse unali utadziwa.

A Pulkeria sanabweze mphete, koma anati ukwati uyambe wadikira. "Ine si wamwano, anzanga," ankatero pachitsime, "koma zalembedwa. Si ine ndanena, ndi buku la mafumu. Ndilowetse m'nyumba mwanga munthu amene anadya mayi ake?" Ana a mumsewu, ana opanda mwambo inu, ankathamangira Anisia akukuwa kuti, "Yasamula tione! Yasamula tione!" Mmodzi ndinamugwira n'kumupotokola khutu, mayi ake mpaka lero sandipatsa moni, ndipo sindidandaula. Koma Anisia anasiya kuseka. Akafuna kulankhula ankaika dzanja pakamwa.

A Trifoni anabwera pakhomo pa a Thekla ine ndili pomwepo. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anaima ndi nyundo yawo m'manja ngati aiwala kuisiya, n'kunena kuti, "Mayi, m'chikuta muja munali anthu awiri. Mmodzi ali kumanda. Mwana wanga akundifunsa ngati ndi iye anapha mayi ake. Ndimuyankhe kuti chiyani?"

A Thekla anakhala pansi pakhomo pomwepo, padothi. A Trifoni atapita anandiuza zonse, za timano tija, za lumbiro, za vinyo ndi mpando, za liwu limodzi lija. "Mmonke uja sanandikakamize, Matrona. Ndinangofuna kuti Kosima aone kuti nanenso ndili ndi nkhani. Ndagulitsa mwana wanga chifukwa cha mpando." Ndinawakalipira, sindinama. Ndinati inu amayi inu, zaka zonsezi kutimana ife nkhani, n'kukaipereka kwa munthu wa cholembera! Iwo ankangogwedeza mutu kuvomera, ndipo mkwiyo wanga unasowa pogwira.

M'mawa mwake tinanyamuka awiri kupita kunyumba ya amonke, kufupi ndi linga la Mzinda. Bambo Akakiyo tinawapeza atakalamba, akuwerenga mphuno itatsala pang'ono kugunda chikopa cholembedwapo cha buku lawo. Mmonkeyo anawakumbukira bwinobwino a Thekla, anasangalala, anafunanso kuwapatsa mpando. A Thekla anakana, anaima.

"Bambo, ndabwera kudzatenga mawu anga. Ndinakunamizani. Silinali tsiku lomwelo."

"Masiku owerengeka sasintha kanthu, mayi. Chizindikiro ndi chizindikiro."

"Za galu sindinanene ine. Za magazi sindinanene. Domnika anafa ndi chifuwa, mwana atasiya kale kuyamwa."

Mmonke anatambasula manja. "Mayi, mbiri siilembedwa ngati mmene timachezera pamsika. Mawu amafunika kuwaveka. Akale onse ankalemba choncho."

Apa ine ndinalephera kupirira. "Bambo, mundikhululukire, koma mukanaveka mwana wanu, osati wa eni ake. Mtsikanayo ukwati wake ukutha chifukwa cha zovala zanuzo!"

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha anthu akunja. "Mtsikana uti?"

"Wa manoyo! Anisia!"

"Ali moyo?" Mawu ake anatsika. Kenaka anati, "Ine ndinkayesa anamwalira kalekale. Ana otere m'mabuku onse amene ndinawerenga amafa tsiku lomwelo. Sindinaganize zofunsa."

Sindinganene kuti anali munthu woipa. Anatsegula buku lake, anapeza malowo, n'kutenga kampeni kake n'kuyamba kupala chikopa ife tikuona. Anapala, anapala, mpaka mizere ija inachoka, panangotsala banga lotuwa. A Thekla anapumira m'mwamba. Koma iye sanadzutse mutu. Anati ili ndi buku lake lokha. La nduna ija lilipo, lina linapita ku Tesalonika, lina amonke a kuphiri akukopera, ndipo amene adzalembe mbiri pambuyo pake adzatenga m'menemo osasintha ngakhale liwu, poti ndi mmene amachitira. Analonjeza kuti atumiza mawu, koma tonse atatu tinkadziwa kuti madzi akatayika saoleka.

Pobwerera tinadzera pamsika wa nsomba. Pamenepo a Thekla anati, "Ku Tesalonika Anisia sakumudziwa. Akumudziwa ndi a mumsewu mwathu. Mawa ndi tsiku la azimayi kosambira, eti?"

Ndinawaletsa. Ndinati mukakanena pagulu, kampando kanuko mukasandutse nkhuni, palibe adzakuitaneninso. Iwo anati akudziwa.

Tsiku la azimayi kunyumba yosambira kumakhala msewu wonse, phokoso ngati pamsika. A Pulkeria analipo, akutsukidwa kumsana ndi mdzukulu wawo. A Thekla analowa osavula, n'kuima pakati pa nthunzi, n'kuomba m'manja. Palibe anali atamvapo mayi amenewo akukweza mawu, ndiye kunangoti zii.

"Azimayi anzanga, nkhani ya m'buku ija inachokera kwa ine. Ndinalumbira kwa Domnika kuti sindidzanena, ndinanena. Mwana anabadwa ndi timano tiwiri togwedera, tinagwa tokha, sanalume munthu. Ana otere ndalandirapo ena, ndipo ena mwa iwo lero ndi azibambo a ulemu wawo. Tsiku la chisoti ndinanama, anabadwa maluwa atauma. Ndinanama kuti mmonke andione ngati munthu. Domnika anafa ndi chifuwa, ambiri mwa inu munkamudwazika. Malodza ake ndine, si mwanayo."

A Pulkeria anati, "Ndiye buku la mafumu linganame?"

"Linamva kwa ine, mayi. Ine ndinanama, ilo linawonjezera."

Ndinkayembekezera kuti wina anena kuti mwachita bwino. Koma kuchokera pakona mkazi wa Kosima anafunsa, mosakweza mawu, "Ena aja mwati munalandira, ndi ana a yani? Nanga za ife mwauzako ndani?"

Azimayi anayamba kuyang'anana. Aliyense m'menemo anali ndi kanthu kake kamene a Thekla anakaona m'chikuta. Ena anafunda nsalu zawo ngati mwalowa mwamuna. A Thekla anati sanauze munthu china chilichonse, ndipo zinali zoona, koma ndani akanakhulupirira munthu amene wangovomera kumene kuti ndi wabodza?

Ukwati unachitika. Sisinio anali atawauza kale mayi ake kuti akapanda kukwatira Anisia akwera ngalawa osabweranso, ndiye a Pulkeria anapezerapo potulukira. Ankati, "Mwamva nokha, linali bodza la mzamba." Nkhata anavekedwa, tinavina, mikate ndinaphika ine. A Thekla sanaitanidwe. Nsalu imene anasoka ija anandipatsira ine kuti ndikapereke, Anisia analandira, koma sanaivale. Akakumana nawo panjira ankawapatsa moni wa ulemu, wa "muli bwanji mayi", monga umaperekera kwa mlendo.

Uzamba unathera pomwepo. Azimayi anayamba kuitana mzamba wa kutsidya kwa msika, wamanja olemera, wolankhulanso kuposa Kosima, koma akuti bola iye sauza amonke. A Thekla anayamba kuchapa zovala za anthu a pangalawa. Utomoni anasiya kutafuna. Kutchalitchi ankaima kumbuyo kwenikweni, kutali ndi chithunzi cha Amayi Maria, ndipo nditawafunsa anati sangathe kuwayang'ana kumaso. Ndinkawauza kuti mwalipira, mayi, zakwana, mtsikana ali pabanja pake. Iwo ankati, "Wamumvako akuseka?" Ine ndinali ndisanamumve.

Chaka chinzake, dzuwa lili paliwombo, ndinaona Sisinio akuthamanga, n'kupitirira khomo langa, n'kukagogoda kwa a Thekla. Anati Anisia, amene anali woyembekezera, matenda amuyamba, ndipo wakana mzamba wina aliyense. A Pulkeria akalipa mpaka mawu atha, koma Anisia akuti aitane a Thekla basi. Mayi aja anatsitsa kampando kawo kudenga, kali fumbi lokhalokha, anakapukuta ndi nsalu yawo yakumutu. Ine ndinatseka uvuni n'kuwaperekeza kuti ndikathandize kutereka madzi.

Titalowa, a Thekla anagwada pambali pa mphasa. "Mwanangu, wandiitana."

Anisia thukuta lili kamukamu, sanawayang'ane. "Musaganize zambiri, mayi. Azamba enawo sanaphunzire kutseka pakamwa. Inu munaphunzirira pa ine."

A Thekla anameza mawuwo n'kuyamba ntchito. Manja awo anali asanaiwale. Anamulimbikitsa, anamusisita, anamukalipira pofunika kukalipira, monga ankachitira kale. Dzuwa likupendeka mwana anatuluka, wamphamvu, n'kulira mokweza. A Thekla anamupukuta misozi ikutsika m'masaya mwawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire zonse zija ndinawaona akumwetulira.

"Wabadwa munthu, mwanangu," anatero. "Munthu."

Anisia sanafunse ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Anadzutsa mutu, maso ali tong'o ndi mantha, n'kunong'ona kuti, "Muoneni m'kamwa."

Kumwetulira kuja kunazima. A Thekla anatsuka chala, n'kuchilowetsa m'kamwa mwa khandalo, n'kuchiyendetsa kumwamba ndi kunsi.

"Nkhama zokhazokha, mwanangu. Mulibe kanthu."

Anisia anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula manja, iwo n'kumupatsa mwanayo. Anamuika pachifuwa, anatembenukira kukhoma, n'kulowetsa chala chake kuti adzimvere yekha.